Mamina a Chitsa ndi Mwendo wa Bambo Anu

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pa ntchito. Esinati, ndiwe unandifunsa tsiku lija tikusesa kuchipinda kuti nsapato imodzi ya bambo ako ndikuisungiranji pansi pa bedi, ndipo chokulungidwa m'katimo n'chiyani. Ndinakuyankha kuti usiye zinthu za eni. Sikunali kukukalipira, koma yankho lake ndi lalitali, losayenera kulinena munthu ali ndi tsache m'manja.

1994

Ntchito ndinaiyamba chaka chimene boma linasintha, pa kachipatala ka mpingo pakati pa Njuli ndi Mikolongwe. Dzina lake ndalisiya dala, chifukwa ena a m'nkhaniyi ana awo akadali moyo. Anandilemba kuti ndizitsuka m'labu, chipinda choyezera magazi, makhololo ndi chimbudzi cha odwala. Kunena kuti chipinda ndikungolemekeza. Anthu awiri tikatembenuka pamodzi tinkagundana zigongono. Munali makina amodzi oonera tizilombo, odalira kuwala kwa dzuwa, moti mitambo ikabwera ntchito inkaima. Munalinso fuliji ya parafini imene inkazima ikafuna, ndi mphika wa nthunzi wophikiramo magalasi kuti tizilombo tife. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri, mawa n'kuvalanso. Magalasi oyezera magazi tinkatsuka mpaka kukalika, chifukwa atsopano ankabwera ngati mvula ya mu Okutobala, lero wamva kununkhira kwake, kenako zii.

Bwana wanga anali a Mulipa, Mlomwe wa ku Phalombe, wamfupi, wadazi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anagwirapo ntchito zaka zambiri m'labu yaikulu m'tauni, koma mkazi wawo atatopa ndi moyo wa lendi anati tiyeni kwathu, iwo n'kubwera kudzakhala chikamwini atamera kale imvi. Anthu ankawaseka nazo, iwo osasamala. Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kuisiya ntchito. Galasi limodzi ankandibwezera mobwerezabwereza, akulipenya padzuwa n'kupukusa mutu. Nditafunsa kuti kodi tidyerapo pagalasipo, anandiitana kuti ndisuzumire m'makina muja. Ndinaona tinthu tikuyendayenda pagalasi limene ine ndinkati layera. Kuyambira tsiku limenelo sindinatsutsanenso nawo pa za kutsuka, ngakhale pa zina zonse tinkakangana ndithu.

Bambo anu nthawi imeneyo anali munthu wa njinga. Ankagula tomato ndi kabichi ku Mauwa n'kukagulitsa pa Njuli, tsiku lina mpaka ku Limbe, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Miyendo yawo inali ngati minsi. Zitunda zimene anzawo ankatsika n'kumakankha, iwo ankakwera ali pachishalo, dengu kumbuyo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa mawu. M'mawa ankandinyamula pakaliyala kukandisiya kuntchito, ine nditagwira malaya awo, iwo akundinena kuti ndikulemera kuposa makabichi. Ndikatseka maso lero, msana umenewo ndimauonabe, thukuta litadutsa pakati pa malaya.

1996

Chinthucho chinabwera m'nyengo ya chiperoni, phiri la Chiradzulu litabisala m'nkhungu sabata yonse. A Mulipa analowa m'labu atanyowa, atanyamula khungwa limene anakanganula pachitsa chowola cha bulugamu kuseri kwa chipatala. Pakhungwapo panali chinthu chachikasu, choterera, chotambasuka timitsempha. Ndinawauza kuti zonyansa zawozo akaziike panja, ine ndakolopa kumene. Anaseka, n'kuchiika m'kambale kagalasi pamwamba pa pepala lonyowa, kumbali n'kuwazako gaga pang'ono. M'mawa mwake ndinapeza chasamuka. Chinali chitachoka pakhungwa paja n'kukakuta gaga yense. Ndinatuluka panja n'kukawadikirira pakhomo, ndipo atafika ndinawauza kuti ngati ayamba zamatsenga andiuziretu, ine ndine wa mpingo.

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Anati si bowa, si chuku chimene chimamera pa buledi, si nyama, komanso si chomera. Chilibe mutu, chilibe mwendo, koma chimayenda pang'onopang'ono kufunafuna chakudya, ndipo chakudya chake chenicheni ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tonga timene timawoletsa mabala. Dzina lake la m'mabuku anandiuza, koma lilime langa linakana. Nditakawafotokozera bambo anu madzulo, iwo anati zimenezo amaziona m'nkhalango, ndi mamina a chitsa basi. Dzinalo linakhazikika, mpaka a Mulipa omwe anayamba kuchitcha choncho.

Muyenera kudziwa kuti zaka zimenezo mabala ankativuta. Munthu ankabwera ndi chilonda, kumubaya penisilini, chilonda osasuntha. A Mulipa ankatenga mafinya n'kuwafesa m'kambale kagalasi pa chakudya chonga phala lolimba, tizilombo n'kumera timadontho. Akaikapo mankhwala amene tinali nawo, tizilombo tina tinkangomera mpaka kuwakwera pamwamba. Tsiku lina anadula kachidutswa ka mamina a chitsa n'kukaika m'kambale kotero. Ine tsiku lililonse ndinkasuzumira, n'kumadandaula kuti palibe chikuchitika. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masiku, tinapeza paliponse pamene chinadutsa payera, timadontho tija palibe. Munthu wamkulu uja anavula magalasi a m'maso n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali, ine n'kudziwa kuti akubisa misozi.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inawonjezeka. Ndinkaphika gaga m'mphika wa nthunzi, kuchidyetsa, kuchisamutsira pa pepala latsopano, n'kuchisunga m'chitini cha mabisiketi pamdima, chifukwa chimadana ndi kuwala ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala malata a labu atatentha, ndinachipeza chauma gwa, chasanduka nkhanambo. Ndinalira ngati yafa mbuzi. A Mulipa anangodonthezerapo madzi, ndipo tsiku lotsatira chinali chitadzuka, chikuyendanso. Anati chikaona kuti zinthu zavuta chimagona, n'kudikira. Kuti chisavutikenso, m'chilimwe ndinkapita nacho kunyumba, chifukwa nyumba yathu yaudzu inali yozizira. Malo ake anali pafupi ndi mtsuko wa madzi. Inu akuluakulu mukukumbukira chitini chimene ndinkakuletsani kutsegula.

A Mulipa anali ndi maloto. Ankati mwina tsiku lina chidzatithandiza kuyeretsa ngalande za m'chipatala, kapena madzi oipa, mwinanso mabala amene akana mankhwala. Koma akafika pa mabala ankakweza chala. Ndikukumbukira mawu awo bwinobwino.

"Mayi, inu kalongonda mumamudziwa. Ndi chakudya, watilera ife Alomwe. Koma muphikeni osataya madzi, muone ngati banja lidzuke bwino. Makolo athu anaphunzira kumuphika pambuyo poti ena apweteka naye. Ichinso n'chimodzimodzi. Pagalasi chikugwira ntchito, koma galasi silimva kuwawa. Kaphikidwe kake sitinakadziwe."

Anandiuza zifukwa zake. Thupi la munthu ndi lotentha kuposa mmene chinthucho chimafunira, ndiye chikhoza kufera pabala n'kuwolera pomwepo. Tizilombo timene chadya sitifa tonse nthawi imodzi, tina chimayenda nato. Ndipo panalibe amene anachiyesapo pa munthu, ngakhale pa mbewa, kuti tidziwe chimene magazi angachite nacho.

1998

Nkhani inatuluka, kaya pawindo kaya pakhomo. Pofika pamsika wa Njuli inali itamera nyanga: ankati kuchipatala apeza mankhwala a pachitsa odya tizilombo, koma akubisira olemera. Anthu athu mukuwadziwa, mankhwala a m'tchire amawakhulupirira kuposa a m'botolo, makamaka a m'botolowo akakhala kuti kulibe. Anayamba kupala zitsa. Chilichonse chachikasu, kaya ndere, kaya bowa wowola, ankapala pamodzi ndi dothi n'kumata pabala. Mayi wina wa cha ku Mikolongwe anadzitema ndi khasu kuphazi akupalira, ndipo mchemwali wake, mwa chikondi ndithu, anamumata zimenezo. Anabwera naye pamachira nsagwada zitagwirana, msana utapindika. Anali kafumbata, wochokera m'dothi lija. Sitinathe kumupulumutsa. Anasiya mwana wa kubere.

A Mulipa anakalamba sabata imeneyo. Palibe anawaimba mlandu, chifukwa iwo sanapatsepo munthu kanthu, koma ankati nkhaniyo inayambira patebulo pawo. Lamlungu lililonse ankayenda wapansi m'matchalitchi, wa Baptist, wa Katolika, kulikonse kumene awalola kuima, kupempha anthu kuti asiye kupala zitsa. Adokotala oyang'anira chipatala anati ntchitoyo ipitirire, koma ithere pagalasi. Ndipo a Mulipa anandiuza kuti ndiwalonjeze kuti chimene timasunga m'chitini sichidzakhudza thupi la munthu mpaka akatswiri atachiyesa. Ndinalonjeza msangamsanga, ndi mtima woyera, poti sindinkadziwa kuti munthuyo adzakhala ndani.

1999

Phedulo ya njinga ya bambo anu inali itatha labala, patatsala chitsulo chokha. Tsiku lina akukwera chitunda ndi katundu, phazi linaterereka, chitsulo chija n'kuwang'amba pamsongolo wa kumanzere. Anamanga kansanza n'kupitiriza ulendo, ine osandiuza. Ndinadzazindikira ndi fungo patapita masiku. Ndinawakalipira mpaka anansi anatuluka, n'kuwakokera kuchipatala. Anawatsuka, kuwapaka jivi, mankhwala a mabala aja, kuwabaya majekeseni onse amene analipo. Bala linkangokula. Adokotala atayeza anapeza kuti ali ndi matenda a shuga, amene sitinkawadziwa, ndiye chifukwa chake thupi linkakana kupola. A Mulipa anafesa mafinya awo pagalasi, ndipo tizilombo take sitinaope mankhwala alionse a m'kabati mwathu. Mankhwala amphamvu tinawafunafuna mpaka m'tauni. Amene tinawapeza anangochepetsa fungo.

Kenako a Mulipa anachita zimene ankachita ndi mafinya a wina aliyense: anaika kachidutswa ka mamina a chitsa pa tizilombo ta bambo anu. Chinadya. Galasi linayera ngati latsukidwa. Ine ndi amene ndinayamba kuona. Sabata yomweyo adokotala anatiuza kuti kuwola kwayamba kukwera, ndipo tipite kuchipatala chachikulu ku Blantyre akadule mwendo pansi pa bondo. Anati tikachedwa sitidzakambanso za mwendo, tidzakamba za moyo. A Mulipa anaitanidwa kumaliro kwawo ku Phalombe. Munali mu Okutobala, ndiye chitini chinali kunyumba, pafupi ndi mtsuko.

Linali Loweruka masana, inu nonse mutapita kumunda kukasosa. Bambo anu anali pamkeka pakhonde, mwendo atausanjika pa mpando, akuingitsa ntchentche ndi nthambi ya nandolo. Njinga inali itatsamira khoma, matayala ataphwa. Anandiitana mwaulemu kuposa masiku onse, ndipo ndinadziwiratu.

"Amake Esinati, chija chili pamtsukocho. Ndamva kuti a Mulipa anachiyesa pa mafinya anga. Chinadya?"

Bambo anu sindinawanamizepo, ndiye ndinati chinadya, koma pagalasi.

"Nanga mwendo wanga wasiyana pati ndi galasi? Onse ndi oti atayidwa."

Ndinawafotokozera zonse zimene a Mulipa anandiphunzitsa, za kutentha kwa thupi, za tizilombo timene chimayenda nato, za mayi wa ku Mikolongwe uja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati mayi uja anamata dothi, pamene chathuchi chaleredwa m'nyumba, chadya gaga wophika, ndi choyera kuposa iwo eni. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akumva kuwawa ndi iwo, si a Mulipa. Anandifunsa kuti munthu wa njinga wopanda mwendo adzadyetsa bwanji ana. Nditatchula za kalongonda, anandiyang'ana m'maso.

"Kalongondayo pali munthu amene anayamba kulawa. Ndikhale ine. Tiyese sabata imodzi yokha. Zikakanika, akadule."

Ana anga, musaganize kuti mayi anu anali mwala. Ndinadzuka. Ndinasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, monga ndinkachitira kuntchito. Ndinatenga chitini, kubwera nacho pakhonde, kuchitsegula. Chinali bwino tsiku limenelo, chachikasu ngati dzira, chitatambasuka pepala lonse. Ndinamasula bandeji. Ndinagwira mwendo uja pamwamba pa bala kuti ndiukhazike bwino, ndipo unali wotentha ngati mbatata yochokera paphulusa. Kufiira kumene dzulo lake kunali pansi kunali kutasendera kufupi ndi bondo. Chinthu chimene chinkauma ndi kutentha kwa malata, chikanakhala bwanji pamenepo? Ndipo sabata imene ankapemphayo, ndinaona ndi maso anga kuti tinalibe. Koma kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkati ika, mwina Mulungu anachibweretsa m'nyumba muno chifukwa cha tsiku lomweli. Ndinakhala choncho, chitini pamiyendo, nthawi imene sindingaidziwe. Kenako ndinatseka.

"Abambo ake Esinati, mwendowu ndiulira. Koma inu sindikufuna kukulirani."

Anatembenukira kukhoma kumene kunali njinga. Lolemba tinakwera galimoto ya chipatala kupita ku Blantyre, ndipo anadula. Atatsitsimuka ndinawagwira dzanja n'kunena kuti pepani. Anati pepani sapoletsa chilonda, n'kuchotsa dzanja lawo. Mawu amenewo anali omaliza kundilankhula kwa nthawi yaitali. Tinabwerera kunyumba, bala la opaleshoni linapola bwino, koma m'nyumba munali zii. Chakudya ankalandira, madzi osamba ankalandira, zofuna zawo ankatuma inu. Munthu amene ankandinena tsiku lililonse anasiya kundinena, ndipo ndinazindikira kuti kunenedwa kuja ndiko kunali kukoma kwa banja langa.

A Mulipa atabwerako ndinawafotokozera zonse. Ndinkafuna andiuze kuti ndinachita bwino, kuti chikanawapha. Koma iwo anati:

"Sindikudziwa, mayi. Mwina chikanathandiza, mwina mukanaika maliro. Chimene ndikudziwa n'chakuti sitinkadziwa."

Ndinawakwiyira tsiku limenelo. Munthu wophunzira, kulephera kunama pang'ono kuti mayi agone tulo! Koma lero ndimawalemekeza chifukwa cha yankho lomwelo.

2002

A Mulipa anayendayenda m'maofesi m'tauni kufuna akatswiri oti achiyese moyenera, poyamba pa nyama. Kulikonse ankawalandira bwino n'kuwauza kuti nkhani ndi yabwino, koma manja ali ndi zambiri. Sindiwada, zaka zimenezo mawodi anali odzaza mpaka pansi, maliro tsiku ndi tsiku, ndani akanasiya zimenezo n'kumayang'ana za pachitsa? Kenako mkazi wawo anamwalira. Mkamwini mkazi akapita mudzi sukhalanso wake, ndiye atatha zonse za maliro anapuma ntchito n'kubwerera ku Phalombe. Tsiku lotsanzikana anandipatsa chitini chonse. Anati ndikatopa nacho ndingochiumitsa, chidzagona chaka, mwina ziwiri, koma kupitirira apo sangalonjeze. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Sindinawaonenso, uthenga wa imfa yawo unandipeza maliro atachitika kale. Amene analowa m'malo mwawo anali mnyamata wabwino, wodziwa ntchito, koma anati m'labu mwake simusungidwa ziweto. Chitini chinabwera kunyumba kotheratu.

Chinali chaka cha njala. Gaga amene tinkapatsa nkhuku anasanduka chakudya cha anthu, ndipo ngakhale iyeyo ankasowa. Ndinaganiza zoti ndichiumitse, chifukwa zinali zochititsa manyazi kudyetsa mamina a chitsa ana akugona ndi njala. M'mawa wina ndikubwera kotunga madzi ndinamva mawu m'nyumba. Ndinaima pakhomo. Bambo anu anali atakhala pansi pafupi ndi mtsuko, ndodo zawo pambali, chitini chotsegula, akuwazamo gaga amene anapatula pa gawo lawo.

"Iwe, mwendo ulibe ngakhale umodzi, koma taona pamene wafika. Ine ndili nawo umodzi, ndikungokhala."

Atandiona sanachite manyazi. Anangoti chinthu changachi ndachiwondetsa, sindidziwa kuweta, kuyambira lero achisamala okha. Ndinatula ndowa n'kupita kuseri kwa nyumba kukalira, chifukwa anali atandinena. Mwezi womwewo anapempha kuti muwanyamule kupita nawo pa Njuli, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pampu, guluu ndi masipanala. Anayamba kumata machubu ndi kuwongola masipoko. Anyamata a kabaza atayamba kuchuluka, onse ankadziwa kuti njinga ikadwala ipite kwa mdala wa ndodo. Aliyense wobwera ndi phedulo yopanda labala ankamukalipira, n'kumuonetsa buluku lopindidwa pabondo, ndipo sankamulola kuchoka asanakonze. Njinga yawo sanaigulitse. Ankaipukuta, kuithira mafuta, n'kuiimikanso pakhoma.

2003 mpaka 2008

Anandisamutsira ku chipatala china chaching'ono cha ku Mauwa, kumene ndinagwira mpaka kupuma. Kunalibe zofesa tizilombo, kunali kuyeza malungo basi, m'mawa mpaka madzulo. Ntchito inali yopepuka, anthu abwino, koma ndinkasowa kachipinda kaja, fungo la parafini, ndi mawu otsitsa aja akundiuza kuti galasi silinayere. Ulendo wa kuntchito ndinkakwera kabaza. Anyamatawo ankapalasa bwino, koma palibe amene ankaimba, ndipo ine ndinkagwira chitsulo cha kaliyala, osati malaya.

Zaka zimenezo bambo anu ndi chitini chawo anali pa ubwenzi. M'mawa uliwonse asanapite pa Njuli ankachidyetsa n'kuchiuza nkhani za m'mudzi. Za tsiku la pakhonde lija sitinkakamba. Tinadzakamba kamodzi kokha, pa ukwati wako, Esinati. Unawaona mmene anavinira ndi ndodo zawo mpaka anthu kuwafupa. Titabwerera kunyumba, atakhala pakhonde lomwe lija akupuma, anati akanakhala kumanda ndi miyendo iwiri sakanavina. Mtima wanga unakhala pansi. Koma anapitiriza, poti iwonso sankadziwa kunama: anati komabe kutulo amalota akutsetsereka pa njinga kulowera ku Limbe, mphepo ikuwomba m'makutu, ndipo akadzuka amayamba apapasa pamkeka kufuna mwendo uja. Anati mwina chikanagwira ntchito. Ndinati mwina. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, phewa langa litatsamira lawo.

Shuga uja anawatenga mu 2008. Atayamba kufooka anandiuza kuti chitini chija sangathenso kuchisamala, ndipo ine ndisavutike nacho, ndichigoneke. Ndinasiya kuthira madzi, chinauma pa pepala lake, ndinachikulunga. Ndiye anandituma kuti nditenge nsapato ija. Nsapatozo anagula ku Limbe mwezi umodzi asanavulale, zakuda, zopitira kutchalitchi. Ya kumanja anaivala mpaka inatha, kuisoketsa, kuthanso. Ya kumanzere inatsala yatsopano. Anaitembenuzatembenuza m'manja, n'kulowetsamo kaphukusi kaja.

"Izi ziwiri zizidikirira limodzi. Abusa amati tidzauka athunthu. Ndiye tsiku limenelo ndisadzayende phazi limodzi lili pansi, anthu angandiseke."

Ndinawauza kuti asiye zoseleula pa zinthu za Mulungu. Anati sakuseleula.

Tsopano mwadziwa. Ndimamva kuti kunja kuli ophunzira amene akufufuzabe za zinthu zoterezi, ngati zingathandize pa tizilombo tokana mankhwala, ndiponso ngati sizingapweteke munthu. Ndimawafunira zabwino, ndipo ndimapempha kuti asafulumire, komanso asachedwe. Akadzapeza yankho ndikadali moyo, mudzandiuze, ngakhale litakhala lowawa. Koma inu, kaya mwana wanu, kaya mnansi, musadzamate za pachitsa pabala. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo phedulo ikatha labala, konzani.

Chiperoni chikabwera ndimapitabe kukayang'ana pa zitsa za bulugamu kumunda. Nthawi zina ndimachipeza, chachikasu, chikuyenda ulendo wake wosafulumira. Ndimaima, kuchiyang'ana, n'kubwerera osachikhudza. Cha m'nsapatocho sindinachithirepo madzi. A Mulipa anati chaka kapena ziwiri, ndipo zaka zadutsa zambiri, ndiye ndikudziwa chimene ndingapeze. Koma chikadali chouma ndimatha kunena kuti chagona. Inunso musachithire. Tsiku langa likadzafika, nsapatoyo mudzandiikire m'bokosi momwe ilirimo, osachotsamo kanthu. Ndikawapatse bambo anu.